Lipoti la ulendo wa ku Cape Town: msonkhano wa akatswiri a zakuthambo, 6 mpaka 15 Ogasiti 2024

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi aphunzitsi anzanga nonse a m'gulu lathu la sayansi, ndabwerako ndipo ndafika bwino. Munasonkha ndalama zanu kuti ndikakhale maso ndi makutu anu ku msonkhano waukulu wa bungwe la akatswiri a zakuthambo a padziko lonse la International Astronomical Union, choncho ndaona kuti ndilembe zonse pano kuti ngakhale amene sadzatha kubwera ku msonkhano wathu wotsatira awerenge pa foni.

Za pamsewu sindichulukitsa. Ndinakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pa Beitbridge tinachedwa moti basi ya ku Cape Town imene ndinalipiriratu ndinaipeza itanyamuka kale ku Johannesburg. Ndinagona pa benchi. Ku Cape Town ndinafikira kwa mphwanga amene amagwira ntchito kumeneko, n'chifukwa chake ndalama ya malo ogona yatsala. Wotsatira wanga adzatenge jekete lenileni: Ogasiti kumeneko ndi nyengo yachisanu, ya mvula ndi mphepo ya kunyanja, ndipo juzi yanga ya chiperoni inangochita manyazi.

Bungwe la International Astronomical Union linakhazikitsidwa mu 1919, ndipo msonkhano wake waukulu umachitika pakapita zaka zitatu zilizonse. Uwu unali wa nambala 32, koma woyamba kuchitikira mu Africa. Ndi bungwe lomweli limene mu 2006, ku Prague, linagamula kuti Pluto asamawerengedwenso m'gulu la mapulaneti akuluakulu. Ndikutchula izi chifukwa tchati cha pakhoma m'kalasi mwanga chikadali ndi mapulaneti 9, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. Anthu oposa 2,000 anasonkhana ku Cape Town International Convention Centre, ndipo zokambirana zinkachitika m'zipinda zambiri nthawi imodzi. Munthu mmodzi sakanatha kumva zonse. Zina ndinazimva, zina masamu ake anandipitirira pamutu, ndipo sindinama kuti ndinazigwira.

Dzina limene linkamveka pafupifupi m'chipinda chilichonse ndi la James Webb, telesikopu imene anaitumiza m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021 kuchokera ku Kourou, ku French Guiana. Ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera pa dziko lino, ndipo galasi lake ndi la mamita 6.5, lopangidwa ndi zidutswa 18 zokutidwa ndi golide. Siona kwenikweni kuwala kumene maso athu amaona. Imaona infrared, kuwala kwa mtundu wa kutentha kumene umamva pankhope ukayandikira mbaula ngakhale makala asakuyaka malawi. Chifukwa chake n'chimene ndikufuna tikawafotokozere ana. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, komabe kumatenga nthawi: kwa dzuwa kumatifika patapita mphindi 8. Ndiye ukayang'ana kutali kwambiri, ukuona zakale kwambiri. Koma popeza chilengedwe chonse chikufutukuka, kuwala kumene kwayenda zaka mabiliyoni ambiri kumafika kutatambasuka. Jambulani mafunde pa mphira wa legeni, kenako muukoke: mafundewo atalika. Kuwala kwa buluu kukatalika chotero kumasanduka kofiira, kukapitirira kumalowa ku infrared, kumene maso sakuonanso. Mphira umodzi ndi cholembera, phunziro latheka.

Ndi njira imeneyi, mu Meyi 2024 akatswiri analengeza za mlalang'amba (gulu lalikulu la nyenyezi zambirimbiri) umene aupatsa dzina lakuti JADES-GS-z14-0. Tikuuona monga unalili patangopita zaka pafupifupi 290 miliyoni chilengedwe chiyambireni, pamene chilengedwecho chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Chimene chawasokoneza akatswiri n'chakuti milalang'amba yoyambirirayi ndi yowala ndiponso yochuluka kuposa momwe mawerengedwe awo ankanenera. Ndinaona anthu a imvi akutsutsana pa nkhaniyi popanda woipidwa. Ena akuti nyenyezi zoyamba zinkabadwa mofulumira, ena akuti zinali zikuluzikulu, ena akuloza ku ma black hole, zinthu zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Palibe anagamula. Ife tikafunsidwa ndi mwana funso limene sitikulidziwa timathamangira kunena kuti silili pa silabasi. Anzathuwa funso lotero ndilo amalilembera kalata yopempha ndalama.

Za mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, chiwerengero chadutsa 5,000, pomwe yoyamba yozungulira nyenyezi yonga dzuwa inapezeka mu 1995 ndi Michel Mayor ndi Didier Queloz. Webb ikutha kuzindikira mpweya umene uli pa ena mwa iwo. Pulaneti ikamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumasefedwa ndi mpweya wake, ndipo mpweya uliwonse umameza mitundu yakeyake ya kuwala. Umu ndi momwe anapezera mpweya wa carbon dioxide pa pulaneti ya WASP-39b mu 2022, ndi wa methane pa pulaneti ya K2-18b mu 2023. Chonde, mauthenga aja a pa WhatsApp onena kuti apeza zamoyo pa K2-18b tisamawatumize kwa ana. Chimene chinaoneka ndi kachizindikiro kofooka ka mpweya wina, ndipo eni kafukufukuyo ananena okha kuti n'kosatsimikizika.

Tsopano nkhani imene ndakhala ndikuiganizira m'basi njira yonse yobwerera.

Kuchipululu cha Karoo, pafupi ndi tauni ya Carnarvon, kuli telesikopu ya MeerKAT. Ilibe galasi. Ndi madishi 64, iliyonse ya mamita 13.5, onga a TV aja koma aakulu ngati nyumba, ndipo amatchera khutu ku mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Zimene dishi iliyonse yamva zimapita pa kompyuta imene imaziphatikiza molingana ndi nthawi yeniyeni imene zinafika, moti madishi onsewo amagwira ntchito ngati dishi imodzi yaikulu makilomita 8. Inatsegulidwa mu Julayi 2018, ndipo inamangidwa ndi dziko la South Africa. Chithunzi chake cha pakatikati pa Mlalang'amba wathu n'chimodzi mwa zomveka bwino kwambiri zimene zinajambulidwapo ndi mafunde a wailesi. Pamenepo ndi pamene pali black hole yotchedwa Sagittarius A*, yolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Mu 2019 MeerKAT inapeza zinthu ziwiri zonga mabaluni akuluakulu, china kumtunda china kumunsi kwa malowa, zimene akuganiza kuti ndi zotsalira za kuphulika kwakale. Malo amenewa, anzanga, amadutsa pamwamba pa mitu yathu madzulo a Julayi ndi Ogasiti. A ku Ulaya amawaona chapansi, m'mphepete mwa thambo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene zida zotere zikumangidwira kum'mwera kuno.

MeerKAT ndi chiyambi chabe. Idzalowa mu ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array, imene inayamba kumangidwa mu Disembala 2022: madishi 197 ku South Africa, ndi tinsanja ta waya 131,072 kumadzulo kwa Australia, likulu lake lili ku Jodrell Bank ku Britain. Akuti pachaka izidzasunga mapetabaiti pafupifupi 700, ndipo petabaiti imodzi ndi magigabaiti miliyoni. Ganizirani bandulo yanu ya pamwezi. Palibe munthu amene adzayang'ane zonsezo ndi maso. Ntchito yake ndi ya olemba mapulogalamu a kompyuta, a masamu, a zamagetsi, owotcherera zitsulo, oyala mawaya a faiba. Achinyamata a ku Africa amene ndinacheza nawo pa nthawi ya tiyi ambiri sanakhudzepo dishi: amakhala pa laputopu n'kumafufuza m'deta.

Ndiye pali mndandanda wa maiko 8 a mu Africa amene ali othandizana ndi South Africa pa ntchitoyi: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Ndinauwerenga kawiri. Aneba athu a kumadzulo alimo, a kum'mawa ndi kum'mwera alimo, ife tili pakati ngati mwana amene wadumphidwa pogawa zitumbuwa. Ghana inatenga dishi yakale ya matelefoni ya mamita 32 ku Kuntunse n'kuisandutsa telesikopu mu 2017. Sindikunena kuti gulu lathu lingalowetse dziko mu mgwirizano wa maboma. Imeneyo ndi nkhani ya ku Capital Hill. Koma mwana wa Fomu 3 amene amakhoza masamu ku sukulu zathu sasiyana nzeru ndi mnzake wa ku Chipata kapena ku Tete, ndipo ngati sanamvepo kuti ntchito yotere ilipo, ndife amene sitinamuuze. Timaphunzitsa mutu wa zakuthambo mothamanga, kumapeto kwa teremu, ngati nthano za azungu. Ine ndemwe ndakhala ndikutero zaka zonsezi.

Pa zigamulo, ine ndinali mlendo wopanda voti. Anavomereza chigamulo chofuna kuti thambo litetezedwe ku magulu a masetilaiti amene akuchuluka, monga a kampani ya intaneti ya Starlink, chifukwa amajambula mizere yowala pa zithunzi za matelesikopu ndipo amasokoneza mafunde ofooka amene madishi akufuna kumva. South Africa inakhazikitsa lamulo mu 2007 loteteza Karoo ku phokoso la mawailesi ndi mafoni, koma lamulo la dziko silifika ku chinthu chodutsa makilomita 550 m'mwamba. Apa mtima wanga unagawanika. Starlink inafika ku Malawi mu 2023, ndipo kumadera kumene netiweki imapezeka pokwera pachulu, ndiyo ingabweretse deta ya MeerKAT yomweyo kwa mwana wa kumudzi. Walira mvula walira matope. Ndinaona kuti akatswiriwo sakupempha kuti masetilaiti achotsedwe, koma kuti makampani aziwapanga osanyezimira ndiponso asamaloze mafunde awo pa malo a matelesikopu, ndipo pempho limenelo ndi lomveka. Zigamulo zina zinali zokhudza kawerengedwe ka malo ndi nthawi pa mwezi, pakuti wotchi ikakhala kumeneko imathamanga pang'ono kwambiri kuposa ya pano. Anasankhanso pulezidenti watsopano, a Willy Benz a ku Switzerland, kulowa m'malo mwa mayi Debra Elmegreen, ndipo msonkhano wotsatira udzakhala ku Rome mu 2027.

Za maulendo a m'mlengalenga ndingotchula zimene ana angazikonde. Mu Seputembala 2022 chombo cha DART chinagunda dala mwala wa m'mlengalenga wotchedwa Dimorphos n'kufupikitsa ulendo wake wozungulira mwala unzake ndi mphindi pafupifupi 33, umboni woti mwala wolunjika dziko tingaupatutse titauona msanga. Mu Seputembala 2023 chombo cha OSIRIS-REx chinabweretsa magalamu 121.6 a fumbi la mwala wa Bennu, ndipo mu Juni 2024 chombo cha Chang'e 6 cha ku China chinabwera ndi dothi la makilogalamu pafupifupi 2 lochokera kuseri kwa mwezi, mbali imene sitiiona tili pano. Pamsonkhano pomwepo ana asukulu a ku Cape Town analankhula pa wailesi ndi mayi Sunita Williams ali m'mwamba mu International Space Station, chombo chozungulira dziko chimene akatswiri amakhalamo n'kumachita kafukufuku. Atsikana a m'makalasi mwathu akuyenera kuimva nkhani imeneyi.

Tsiku lina ndinapita ku South African Astronomical Observatory, malo amene anakhazikitsidwa mu 1820. Kumeneko, m'zaka za 1832 ndi 1833, Thomas Henderson anayeza malo a nyenyezi ya Alpha Centauri, ndipo kuchokera m'miyeso imeneyo anawerengera mtunda wake, umene lero tikudziwa kuti kuwala kumauyenda zaka 4.3. Njira yake ndi ija ya chala: tambasula dzanja, tsinzina diso limodzi kenako linzake, chala chioneka ngati chasuntha. Dziko likakhala mbali ino ya dzuwa ndi diso limodzi, pakapita miyezi 6 ndi diso linalo. Alpha Centauri ndi yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zija zoloza Mtanda wa Kum'mwera, ndipo timaiona pabwalo la sukulu popanda chida chilichonse. Mdima umene timadandaula nawo magetsi akazima, anzathu amauyendera makilomita mazanamazana kukaufuna ku Sutherland, tauni ya ku South Africa kumene kuli matelesikopu. Ndinachita manyazi mnzanga wina wa ku Namibia atandifunsa maina a nyenyezi m'chinenero chathu: ndinatchula Nthanda, Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba, basi ndinathera pomwepo.

Zimene ndikupempha kuti tikambirane ndi izi. Tichotse matchati a mapulaneti 9. Mphunzitsi aliyense atume ana kukafunsa agogo awo maina a nyenyezi ndi zimene zinkawauza za mvula, kulima ndi usodzi, tizilembe m'buku limodzi eni ake akadali moyo. Zokambirana za msonkhanowu zinaulutsidwa ulere pa YouTube, ndiye a mlembi atithandize kusankha zochepa zimene ana angamve, tizikopere pa fulashi. Ndalama yotsala ya malo ogona, imene ndapereka kale kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti, ndikupempha kuti tigulire mabainokyula awiri oti azizungulira m'sukulu zathu, osati telesikopu yotchipa imene miyendo yake imagwedera.

Ndipo tichite usiku woonera nyenyezi mu Okutobala. Pali nyenyezi ya mchira yotchedwa Tsuchinshan-ATLAS, imene inaonedwa mu 2023 ku China komanso ndi telesikopu ya ATLAS ku Sutherland. Idzayandikira dziko kwambiri pa 12 Okutobala 2024, ndipo ngati siiphwasuka podutsa pafupi ndi dzuwa, ikhoza kuoneka ndi maso chakumadzulo, dzuwa litangolowa, masiku otsatirawo. Nthanda idzakhalanso mbali yomweyo. Tifunika bwalo lopanda mitengo kumadzulo, chilolezo cha ahedi ndi cha makolo, makamaka a atsikana, ndi amayi awiri kapena atatu a komiti ya sukulu oti adzawaperekeze pobwerera. A wapampando, makalata a kwa makolo atuluke sabata yoyamba ya teremu.