Madzi a Lilongwe amachokera ku Dzalanyama

A Mkonzi,

Bungwe la Lilongwe Water Board lizipatula gawo la ndalama zomwe timalipira pa bilu n'kumatetezera nkhalango ya Dzalanyama, chifukwa mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde umachokera m'nkhalango imeneyo.

Ine ndinakulira kufupi ndi Malingunde. Masiku ano ndikapita kumudzi ndimakumana ndi njinga zosenza matumba a makala m'bandakucha, mdipiti wosaduka, zonse zikulowera ku tauni. Mvula ikagwa mtsinje umachita kufiira ndi dothi. Dothi limenelo limakakhazikika pansi pa damu n'kumadya malo a madzi, ndipo madzi amatope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere. Kukweza khoma la damu n'kwabwino, sindikukana, koma kodi lidzasunga chiyani kumtunda kukatsala zitsa zokhazokha?

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, komabe makala sanasiye kufika mumzinda. Wootcha makala amatero chifukwa cha njala, ndipo ogula ndife tomwe a m'tauni, amene timadandaula mpopi ukauma.

Ndalamazo zizipita kwa anthu a m'midzi yozungulira nkhalango: azilipidwa posamalira mitengo yophukira pa zitsa, osati pongodzala mbande tsiku limodzi n'kuziiwala, komanso athandizidwe ndi ming'oma ya njuchi. Ndipo chaka chilichonse bungweli lizitiuza m'nyuzipepala muno kuti lasonkhanitsa zingati, ndi midzi iti yomwe yalandira.

Wowerenga wanu,
Likuni