Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya ng'ona ya makina

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kupatula miyendo ya mayi ako imene ikuwavutabe. Ndalemba chifukwa azakhali ako atiuza kuti ukufuna kutenga ndalama za katapila kuti ugule kamera yatsopano, ndiponso kuti amisiri akupangire ng'ona ya makina ya kanema wako uja wa kumtsinje wa Shire. Nkhaniyi yandisowetsa tulo, ndipo ndikukupempha kuti usakongole ndalama zimenezo.

Iwe unakulira m'holo yathu ya vidiyo, ukutolera ndalama pakhomo, ndipo tepi ya Jaws, kanema wa shaki (chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere) yodya anthu, unaionera mpaka zithunzi zinayamba kunjenjemera. Nanga unaonamo chiyani, ngati lero ukuganiza kuti anthu amaopa chilombo chifukwa choti achiona? Pamene Steven Spielberg ankajambula kanemayo mu 1974 pachilumba cha Martha's Vineyard ku America, anali ndi shaki ya makina imene anzake ankaitchula kuti Bruce, koma madzi amchere ankaiwononga, moti masiku ambiri inkakana kugwira ntchito. Anachita kufunafuna njira zoopsezera anthu popanda kuionetsa, ndipo njira zimenezo ndi zimene zinatchukitsa kanemayo atatuluka mu 1975.

Takumbukira mtsikana wosambira usiku uja koyambirira. Kamera ili pansi pa madzi, ikuyang'ana miyendo yake ngati kuti ndiyo maso a chilombocho, kenaka iye akugwedezedwa uku ndi uku, pamene kwenikweni anali amuna okoka zingwe zimene anamumangirira. Takumbukiranso azibambo awiri aja amene anamangirira nyama ku kadoko kamatabwa: matabwa athyoka, akupita kunyanja, kenaka akutembenuka n'kuyamba kulondola munthu amene wagwera m'madzi. Thabwa lotembenuka lokhalo linkakuwitsa holo yonse. Chimodzimodzinso migolo yachikasu imene ankaikoletsa pa shaki ndi chingwe. Mgolo ukavuuka pafupi ndi boti, aliyense ankadziwa chimene chili pansi pake. Zingwe, matabwa ndi migolo, mwana wanga, kodi zimenezi n'zotengera katapila? Pa Shire pali mabango, pali bwato, pali ndowa yoti n'kuyandama yokha mwini wake atasowa.

Nyimbo ya John Williams nayonso ili ndi mawu awiri okha obwerezabwereza, oyamba pang'onopang'ono kenaka n'kufulumira. Chimene chimandigometsa n'chakuti nyimboyo siinamiza woonera. Anyamata awiri aja ataopseza anthu ndi chipsepse chabodza, nyimbo siimveka, choncho khutu limazolowera kuti popanda nyimbo palibe choopsa. Ndiye pamene Brody, mkulu wa apolisi wa m'kanemayo, akutaya nyambo ya nsomba zowola m'madzi ali chicheukire, shaki ikungotulukira popanda chenjezo lililonse. Mlongo wako anagwa pabenchi tsiku limenelo, ndipo mpaka lero safuna kuti tizimukumbutsa.

Pagombe paja, Brody ataona mwana akugwidwa, nkhope yake imakhala ngati ikubwera kwa iwe pamene za kumbuyo kwake zikuthawira kutali. Ojambula anangoyendetsa kamera kumuyandikira kwinaku akubweza galasi lake kuti lione patali, njira imene wopanga makanema wina, Alfred Hitchcock, anaigwiritsa kale ntchito mu 1958. Kamera imene uli nayo ikhoza kuchita zimenezo ngati utaiika pa chinthu cha mateyala ndi kuyeserera moleza mtima. Kuleza mtima ndiko kumakuvuta iwe kuyambira uli mwana. Umafuna chinthu lero lomwe. Ganiziranso za mayi Verna Fields amene ankadula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo analandira mphoto ya Oscar pa ntchitoyo. Iwo ankadziwa kuti shaki yopanga ikakhalitsa pamaso pa anthu bodza lake limaoneka, choncho ankaichotsa msanga. Ngakhale mutu wa msodzi wotulukira m'boti lomira uja anaujambulira m'dziwe losambiramo la kunyumba kwa mayi Fields, atathiramo mkaka waufa kuti madzi achite mbuu.

Tsopano imva za ndalama, pakuti apa ndi pamene pali mtima wanga. Ntchito imene anakonza kuti itenge masiku 55 inatenga masiku 159, ndipo ndalama zinaposa kawiri zimene anayerekeza, mpaka kufika pa madola 9 miliyoni. Madzi samvera munthu wojambula: mafunde, kuwala kosinthasintha ndi maboti odutsa kumbuyo zinkawadyera tsiku lathunthu. Spielberg anali ndi kampani ya Universal yomulipirira, komabe ankaopa kuti ntchito yamuthera. Iwe uli ndi ndani? Ng'ona yako ikakana kutsegula kukamwa pa Shire, mwini katapila sadzamva zimenezo. Chiwongola dzanja chidzakwerabe mwezi ndi mwezi, ndipo adzayamba ndi kamera yomweyo, kenaka adzafika pa njinga yako yamoto. Usakongole, ndabwerezanso.

Sindikukuletsa kanemayo ayi, ndimanyadira kwambiri ntchito yako. Ubwere kumapeto kwa mwezi uno ndi nkhani imene walembayo, tidzakhale pansi tione malo amene ng'ona ikufunikadi kuoneka, chifukwa ndikukhulupirira kuti ndi ochepa. Usanabwere usasayine pepala lililonse. Mayi ako akuti udzawatengere mankhwala opaka aja.

Ndine bambo ako.