Lipoti la msonkhano wa ku Domasi: ndere ya m'maiwe athu

A tcheyamani ndi alimi anzanga, zikomo kwambiri pondituma. Kumsonkhano kuja kunakambidwa zambiri, za mbewu ya nsomba ndi za madeya, koma ine ndakutengerani nkhani ya ndere poti ndiyo yatisowetsa mtendere chaka chino.

Ndinanyamula ndere ya m'dziwe lathu m'kabotolo. Alangizi anatsinako pang'ono, ikuterera ngati therere, n'kuika pa maikulosikopu, chipangizo chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Nditasuzumira ndinaona ulusi wopanda nthambi, maselo ake (tizigawo ting'onoting'ono topanga ulusiwo) atandondozana ngati mfundo za nsungwi, ndipo m'selo iliyonse muli kalamba kobiriwira kopotana ngati sipuling'i. Ndinachita kupempha kuti ndionenso kachiwiri. Dzina lake ndi Spirogyra, analipereka katswiri wa ku Germany, Link, mu 1820, ndipo mitundu yake imaposa 400. Ili m'gulu la Zygnematophyceae limodzi ndi ndere ina yotchedwa Zygnema, yomwe zobiriwira zake zimaoneka ngati nyenyezi ziwiri m'selo. Akatswiri anapeza kuti mwa ndere zonse, gulu limeneli ndilo lili pachibale kwambiri ndi zomera za kumtunda, ngakhale chimanga chathuchi.

Nkhani yagona pa kuberekana kwake. Ulusi ukaduka, chidutswa chilichonse chimakula pachokha. Ndiye ife tikamaimenya ndi ndodo n'kuisiya m'madzi momwemo, timakhala tikuibzala. Njira ina ndi iyi: maulusi awiri amagona moyandikana n'kulumikizana ndi timachubu ngati makwerero, za m'selo imodzi zimawolokera m'inzake, n'kupangika kambewu ka chikopa cholimba. Kambewu kameneka kamapirira m'matope ouma mpaka madzi atabwerera. N'chifukwa chake tinaumitsa dziwe mu Okutobala koma ndere inabweranso.

Tisaisokoneze ndi madzi obiriwira aja timawafuna tikathira manyowa. Amenewo ndi chakudya cha makumba. Ya ulusiyi imalanda chonde cha manyowawo, imakola tiana ta nsomba, ndipo usiku imapuma mpweya womwewo umene nsomba zikufuna. Masana imayandama chifukwa cha tithovu ta okosijeni timene imapanga dzuwa likawomba. Imakonda madzi osaya, oyera, amene dzuwa limafika pansi, ndipo kumtunda kwa dziwe lathu n'kosayadi, madzi salekeza ndi m'mawondo momwe.

Pempho langa ndi lakuti Loweruka m'mawa tikumane padziwe ndi khoka, makasu ndi wilibala. Tiivuule yonse tikaiunjike kudzenje la manyowa, kutali ndi ngalande, kenaka tikumbeko mbali yosaya ija.