Opanga ndege pakhomo tisamangowaseka, apezereni wowayendera

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe ikangotuluka kwathuko anthu amafa nazo kuseka, ya munthu kupanga ndege pakhomo pake. Ambiri mukukumbuka mu 2016 bambo wina wakumudzi ku Malawi komweko anatolera zitsulo zakale nkupanga helikopita ya injini ya njinga yamoto, nkhani yake inafika mpaka mmanyuzi akunja, akuluakulu nkumuuza kuti asayerekeze kuiulutsa asanaione. Kuletsako ine sindikutsutsa ayi, moyo ndi umodzi. Chimene chimandiwawa nchoti nkhani zoterezi zimathera pomwepo basi, ena aseka, ena ati mutu sukuyenda bwino, ena nkumati bola ndege ya lichero ija imafikako, koma woti amuuze munthuyo kuti njira yake ndi iyi, yambira apa, palibe.

Ine ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito pakhomo pa madala ena amene anapuma pa ntchito zaka zingapo zapitazo. Galimoto yawo imagona panja chifukwa mgalaja muli ndege, ndipo ndege imeneyo akupanga okha ndi manja awo, ine ndimathandizako ndikamaliza za kudimba. Kuno palibe amawaona ngati amisala, aneba amangodandaula phokoso basi.

Musaganize kuti amatenga malata a padenga nkumadula mwa maso ayi. Amagula kit, kutanthauza ndege yomwe akatswiri anaijambula kale nkuiyesa, fakitale imadula zidutswa za aluminiyamu nkukutumizira mmabokosi a matabwa pamodzi ndi mapulani ndi buku la malangizo, iwe ntchito yako nkulumikiza. Ya madalawa ndi RV-7 ya mipando iwiri, yochokera ku kampani ya Van's Aircraft ku Oregon ku America, ndipo ndege za kampani imeneyi zomwe anthu anamaliza nkuuluka zinadutsa kale 10,000. Kit imabwera mzigawo, umayamba ndi mchira chifukwa ndiwo wotchipa komanso mpamene dzanja limaphunzirira, ukaononga kachidutswa umangoitanitsa kena, kenako mapiko, kenako thupi lake, injini ndi mawaya kumapeto.

Kumva kuti kulumikiza mwina mukuti nzophweka eti. Bowo lililonse pamalatapo uliboole lifike saizi yake, ulipale mmbali zisatsale tizitsulo takuthwa chifukwa pamenepo mpamene mng'alu umayambira, ugwirizitse malata awiriwo ndi timapini totchedwa cleco tomwe timachita kuti njo njo njo phiko lonse ngati nungu, uone ngati zakhala bwino, umasulenso zonse, upake mankhwala oletsa dzimbiri, ubwezeretse, ndiye uyambe kukhoma ma riveti, timisomali tolumikizira malatawo. Ma riveti ake ndi opitirira 10,000 ndege imodzi. Ambiri mwa iwo amafuna anthu awiri, madala amakhala kunja ndi mfuti ya mpweya yokhomera ma rivetiwo, ine ndimalowetsa mkono mkati mwa phiko nditagwira kachitsulo kolemera kotsamiritsa kumchira kwa riveti, osaona chilichonse, kungomva ndi zala. Akafunsa kuti wakonzeka ndimayankha, trrrr kamodzi, kenako amatenga kachoyezera nkuyeza mutu wa riveti ija ngati waphwatalala mokwanira. Ikapindika amaiboola nkuchotsa, tiyambirenso, ndipo sanena kuti aaa imodzi yokha palibe aone. Za thanki ya mafuta ndiye musanene, mankhwala omatira ake ndi onunkha komanso akakugwira malaya iwalani.

Koma chomwe ndalembera kalatayi si ma riveti. Phiko lisanatsekedwe kumabwera munthu wodzayendera, kuno amamutcha Approved Person, wovomerezedwa pansi pa malamulo a bungwe loona za ndege la South Africa. Amabwera ndi tochi ndi kakalilole kapakamtengo, amasuzumira malo oti iwe sunaganizeko, amagwedeza mabawuti, amafunsa buku lomwe madala amalembamo zomwe apanga tsiku lililonse pamodzi ndi zithunzi zake. Ulendo wina anapeza waya wa chiwongolero akukhula pa chitsulo pang'ono chabe, anati musatseke mpaka mukonze, madala anakhala chete tsiku lonse koma mmawa mwake anamasula. Ndege zoterezi kuno zili ndi gulu lakelake mmalamulo, nambala yake imayamba ndi ZU, aliyense pabwalo la ndege akangoiona amadziwa kuti iyi si ya gulu la ndege za fakitale zija.

Ku America komwe zinakhazikika kwambiri ndi chimodzimodzi. Bungwe la anthu opanga ndege pawokha la EAA linayamba mu 1953 ku Milwaukee, woyambitsa wake Paul Poberezny, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa July amakumana ku Oshkosh mchigawo cha Wisconsin komwe kumatera ndege zoposa 10,000. Lamulo la kumeneko limati gawo lalikulu la ntchito, lomwe amangoti 51 peresenti, ulipange wekha ndipo cholinga chikhale kuphunzira kapena kusangalala, osati bizinesi yonyamula anthu. Ikatha amaiyendera, amailemba mawu oti EXPERIMENTAL, kutanthauza yoyeserera, poonekera kuti wokwera adziwe chomwe akukwera, kenako kawirikawiri imayamba yauluka maola 25 kapena 40 mdera lomwe akupatsa, osanyamula abale ndi anansi, mpaka zitsimikizike kuti ili bwino. Ndege zopangidwa motere kumeneko zilipo zoposa 30,000.

Ngozi zilipo, sindibisa. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti mu 2011 ndege zopanga okhazi zinali pafupifupi 10 peresenti ya ndege zing'onozing'ono za ku America koma pa ngozi zopha anthu zinatenga 21 peresenti. Ndiye tangoganizani, kumeneko nkomwe kuli kit yoyesedwa, woyendera, makalabu, zonse, nanga munthu ali yekhayekha kuseri kwa nyumba ndi makina owotcherera, wopanda womuuza kuti apa walakwitsa? Kumuletsa kokha sikumuchotsa chilakolako, mawa apanganso mobisa ndipo mpamene tidzamve zoipa.

Ndisanamizenso anthu, sindikunena kuti bambo amene wapuma ku Capital Hill atenge gratuity yake akagule kit ayi, ana angakuthamangitseni pakhomo. Injini yokha yatsopano ya Lycoming ndi madola masauzande makumi angapo, onjezani kit, zipangizo za kutsogolo kwa woyendetsa, penti, msonkho, ndi mmene forex ikuvutira kwathuko ndiye kaya. Nthawi nayo imalowa yambiri, maola 1,500 kapena 2,000 si zachilendo, ndiye anthu ambiri zimawatengera zaka ndipo ma kit ena amagulitsidwa ali theka mwini wake atatopa, kapena maso atayamba kuvuta, kapena atatsogola. Nchifukwa chake amene akudziwa amati yamba usanapume, komanso pita kaye kwa dokotala wa oyendetsa ndege akuone, kuopa kumaliza ndege yoti iwe sudzaloledwa kuiyendetsa. Mayi a pakhomo pano amati ndegeyi ndi mkazi wachiwiri, amanena moseka koma nthawi zina nkhope sisonyeza kuseka.

Komabe ndikawaona madalawa ndimaganiza za akuluakulu athu opuma ntchito. Awa amadzuka mmamawa ali ndi chochita, Loweruka anzawo a ku kalabu amabwera kudzakangana za mapulani, wina anali dokotala wina anali makaniko, onse manja akuda. Kwathu tili ndi anthu anagwira zaka 30 akukonza ndege, ma injini a sitima, ma jenereta, akaweruka komaliza timawapatsa mphatso nkuwaiwala, luso lonse lija limakathera pa bawo. Anthu amenewa ndi amene angakhale oyendera, ndi amene angakhale pakati pa ana a ku MUBAS kapena ku Lilongwe Technical ndi Soche Technical nkumanga nawo kit imodzi yokha yogulidwa mothandizana, osati aliyense yake.

Zoti ana sangathe musandiuze. Kuno komwe kuli kampani ya Sling Aircraft ku Tedderfield kummwera kwa Johannesburg, imapanga ma kit, ndipo mu 2019 achinyamata 20 a sukulu analumikiza Sling 4 moyang'aniridwa ndi akatswiri, ena mwa iwo nkuiulutsa kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, panjira inatera ku Malawi komweko. Ndipo boma lathu likafuna limatha kutsegula khomo, mu 2017 linatsegula malo oyeserako ma drone ku Kasungu mothandizana ndi UNICEF, mu 2020 sukulu ya ma drone nkutsegulidwa ku Lilongwe, lero ana athu akupanga ma drone okha. Palibe anati ndi ufiti.

Ndiye pempho langa kwa a Civil Aviation, oona za ndege ku Malawi komweko, ndi loti alembe poyera, mChichewa chomwe, kuti munthu amene akufuna kupanga ndege kapena helikopita apite ku ofesi iti, atenge chiyani, adzamuyendera ndani ndipo kangati, ayesere pabwalo liti, mabwalo oti ndege imatera mwa apo ndi apo tili nawo ambiri. Amene pulani yake ndi yosatheka amuuze chifukwa chake pomuwerengera masamu, kulemera kwake ndi mphamvu ya injini, asangomuopseza ndi apolisi. Inunso akonzi tumani mtolankhani akawafunse mafunso amenewa, yankho lawo mudzalisindikize tiwerenge tonse.

Ine wowerenga wanu,
Johannesburg