Funso lako la tsiku la chiliza

Area 25, Lilongwe

Mwana wanga,

Tsiku lija tinkaika chiliza cha mayi ako, anthu akusamba m'manja kuti adye, unanditengera kuseri kwa galimoto n'kundifunsa motsitsa mawu: "Bambo, kuchoka Lachisanu madzulo kufika Lamulungu m'mamawa, masiku atatu usana ndi usiku ali pati? Kodi olemba aja sanangosokerera maulosi pambuyo kuti nkhani ikome?" Unkanena za imfa ndi kuuka kwa Yesu. Ndinangoti tidzakambirana. Usaganize kuti unandikhumudwitsa, safunsa anadya phula. Kungoti tsiku limenelo pakhosi panali potseka.

Tiyambe ndi masamu akowo. Pa Mateyu 12:40 Yesu akudzifanizira ndi Yona, amene anakhala m'mimba mwa chinsomba masiku atatu, usana ndi usiku. Ukatenga wotchi, usiku wachitatu suupeza, ndipo sindikukakamiza kuti uupeze. Ayuda sankawerenga choncho. Chidutswa cha tsiku chinali tsiku. Taona Estere: pa 4:16 akulamula kusala kudya masiku atatu, usiku ndi usana, koma pa 5:1 akulowa kwa mfumu tsiku lachitatu lomwelo. Ifenso timatero. Munthu akafika Lachisanu dzuwa litapendeka n'kunyamuka Lamulungu tambala atalira, amati ndachezako masiku atatu, ndipo palibe amamutcha wabodza. Lero, mawa, mkucha.

Funso lako lachiwiri ndi limene landigoneka mochedwa. Ndakhala ndikutsegula Buku Lopatulika la mayi ako, lija analikutira ndi kansalu ka chitenje chikuto chitathothoka. Pa Salimo 16 anaikapo kapepala ka kuchipatala, ndipo vesi 10 analidula mzere ndi cholembera chofiira kawiri konse, mpaka inki inaboola tsamba. Pamenepo Davide akuti Mulungu sadzasiya moyo wake kumanda, sadzalola wokondedwa wake avunde. Petro, pa Pentekoste (Machitidwe 2), anatenga vesi limeneli n'kunena zimene mdzukulu aliyense wokumba manda angamve: Davide anafa, anaikidwa, manda ake ali pompano mpaka lero. Ndiye kuti anavunda. Nanga ankanena za yani? Kumbukira kuti Petro ankalankhula mu Yerusalemu momwemo, patangopita masabata 7, pamene aliyense wofuna kumutsutsa akanatha kuyenda wapansi kukaloza manda a Yesu.

Yesaya 53 ndiye amandiimitsa tsitsi. Mtumiki uja akuphedwa, akuikidwa m'manda pamodzi ndi olemera, kenaka mutu womwewo ukuti adzaona mbewu yake ndipo masiku ake adzachuluka. Wakufa amachulukitsa bwanji masiku? Ndipo apa nkhani yosokerera ija siyenda, chifukwa mu 1947 m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, anapeza mpukutu wa Yesaya wokopedwa zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, mutu 53 uli momwemo. Ayuda ambiri amawerenga mtumikiyu ngati mtundu wa Israeli, zimenezo uzidziwe, usadzazimvere kwa ena n'kumati bambo anandibisira.

Ndikuuzenso china chimene ife akulu ampingo timachilumpha. Mafupa ouma a pa Ezekieli 37, amene alaliki amawakonda pamaliro, vesi 11 likunena poyera kuti ndi nyumba ya Israeli, anthu a ku ukapolo ku Babulo amene chiyembekezo chinawathera. Hoseya 6:2, za kuukitsidwa tsiku lachitatu, nayenso poyamba akulankhula ndi mtundu. Ine ndimakhulupirira kuti mawu amenewa amafika mpaka kwa Khristu, koma pakufunika kuwerenga mutu wonse, osati kubudula vesi ngati chimanga cha m'munda wa eni. Danieli 12:2 ndiye amanena mosazungulira za ogona m'fumbi kuti adzauka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti anthu a Yesu sankayembekeza kanthu. Malemba onsewa anali nawo, ankawamva Sabata lililonse, koma amayi aja analawirira kumanda atanyamula zonunkhira zokadzoza mtembo, nkhawa yawo ili pa mwala. Kleopa ndi mnzake anali pa ulendo wa ku Emau, makilomita ngati 11, nkhope zili zakugwa ngati anthu ochokera kosesa, mpaka mlendo, amene anali Yesu mwini, anawatsegulira Mose ndi aneneri. Mawu a akulu akoma akagonera. Anthu ofuna kupeka nkhani sadzionetsa opusa chotere, ndiponso m'masiku amenewo sakanasankha akazi kukhala mboni zoyamba. Paulo naye, polembera Akorinto patapita zaka ngati 25, akuti abale oposa 500 anamuona nthawi imodzi ndipo ambiri akali moyo (1 Akorinto 15:6). Kumeneko n'kunena kuti pitani mukawafunse.

N'chifukwa chake ndikukupempha, usamathamangire aneneri a m'matauni muno amene amakutchulira nambala ya foni yako n'kukugulitsa kabotolo ka mafuta. Mlongo wako wandiuza kuti chimwalirireni mayi ako wapitako kangapo. Sindikukudzudzula, chisoni chimayendetsa munthu. Koma Yesaya sanalipiritse munthu, ndipo sanakhalepo kuti aombedwe m'manja. Ndalama imeneyo lipirira ana fizi.

Umboni wogwira ndi manja, ngati wa Tomasi, ine ndilibe. Ndili ndi zimene ndakulemberazi, ndiponso ndinaona mmene mayi ako anapitira. Usiku womaliza amayi a Chigwirizano atabwera kudzaimba, iye mpweya unali utachepa, koma milomo inkatsatira. Atachoka anandiuza kuti nditsegule pa kapepala paja, ndimuwerengere pang'onopang'ono. Ndinafika pa vesi 9, pamene akuti thupi langa lidzakhala mosatekeseka, iye n'kundigwira dzanja kuti ndibwereze.

Bukuli anati likhale lako. Ubwere Loweruka kudzalitenga, ubwere ndi ana, ndipo tikatha kudya tiwerenge Luka 24 yense, iwe ukuwerenga, poti maso angawa zilembo zazing'ono zayamba kundithawa. Mpongozi wanga umupatse moni. Mbatata ya kudimba yakhwima, ubweretse thumba.

Ndine bambo ako.