Zilembo zonenepa za pamitu ya nkhani musazitaye

Akonzi,

Ine ndimalemba zikwangwani ndi burashi, pa magolosale, masaluni ndi kumbuyo kwa maminibasi, ndipo ntchitoyi ndakalamba nayo. Ndikagula nyuzipepala diso langa limayamba lagwera pa zilembo, nkhani pambuyo. Pempho langa ndi lakuti zilembo zimene mumalembera mitu ya tsamba loyamba musazisinthe, ngakhale achinyamata ena akuti n'zachikale.

Ndikunena zija zakuda bii, zazitali, zopanikizana, zokhala ndi timapazi tamakona ngati njerwa, zimene pa Chingerezi amati slab serif. Zinayamba kuoneka ku London mu 1815 m'buku la zitsanzo la Vincent Figgins, wopanga zilembo zosindikizira, pamene amalonda ankafuna mapepala omata pakhoma oti munthu awerenge ali patali. Ku America anadzayamba kuzisema pamtengo, zazitali ndi zopyapyala m'mbali, ndipo ndi zimene timaona pa mapepala a WANTED m'mafilimu a makauboyi. Mtundu wa zilembo wotchedwa Rockwell, wa 1934, umene uli m'makompyuta ambiri, ndi wa banja lomweli.

Zilembozi zimayenerana ndi Chichewa chifukwa mawu athu ndi aatali. Tsiku lina mnyamata wowotcherera zitsulo anandibweretsera lata la mita imodzi kuti ndilembepo TIMAWOTCHERERA, zilembo 14. Ndikanasankha zilembo zotambalala, zikanachepa moti munthu wa tsidya la msewu sakanaona kanthu. Ndinalemba zopanikizana, zinakwana mzere umodzi, ndipo utali wake sunachepe. Inunso mumakumana nazo zomwezi. Mawu ngati SADZAWONJEZEREDWA, zilembo 17, mungawaike bwanji pamutu osawadula pakati?

Ndiye kumbukirani kumene nyuzipepala yanu imagulidwira. Mavenda amaiyala pansi n'kuipsinja ndi mwala, padzuwa, pafumbi, ndipo wogula amaiona ali pawindo la minibasi. Timizere topyapyala pamenepo timasowa. Timapazi tija timagwira mzere, komanso chilembo cha I sichioneka ngati kamtengo chabe.

Koma zisatsike m'kati mwa nkhani. Zikachepa, inki imadzaza mimba ya a ndi e, maso n'kuyamba kuwawa. Zimafunanso mpata pang'ono pakati pake, apo ayi timapazi timagundana.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Zilembo zambiri zamtunduwu zimene anthu amatenga pa intaneti zilibe ŵ. Ndinaonapo chikwangwani chosindikizidwa pa kompyuta, pamalo pa ŵ pali kabokosi, mwini wake atalipira kale. Uzani amene amayala masamba anu ayambe ayesa kulemba Malaŵi, ng'ombe ndi m'mudzi asanasankhe zilembo zilizonse, aone ngati kadenga ka ŵ kalipo, ndiponso ngati kachizindikiro ka mu ng' sikakumatirira pa g.

Wolemba zikwangwani,
Limbe