Kalata ya Abusa: Za dokotala wathu wa Loweruka

Okondedwa mwa Ambuye a kuno ku Santhe, a m'midzi ndi a m'maesiteti omwe,

Ambiri mukumukumbukira mtsikana uja ankatsogolera nyimbo m'kwaya ya achinyamata, amene tinamusonkhera ya basi atasankhidwa kupita ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu yomwe kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Lero ndi dokotala ku Lilongwe, ndipo amagwira mbali yolandirira ovulala ndi odwala mwakayakaya.

Mwezi watha anatulukira kunyumba kwathu akuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu. Amayi busa anamuikira tiyi, koma tiyiyo anazizirira m'kapu iye akufotokoza. Ankanena za anyamata a kabaza ogundidwa pa msewu wa M1 opanda chisoti, za ana a malungo ofika zikhatho zitayera mbee, magazi atatha. Chomwe chimamupweteka kwambiri, akuti, n'chakuti ambiri amafika mochedwa, atayamba azungulira kwina masiku atatu kapena anayi. Ndinachita manyazi, pakuti inenso ndinapemphererapo mwana wotentha thupi usiku wonse osauza makolo ake kuti afune njinga.

Tsono wadzipereka kumabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, tsiku lake lopuma, osalandira kanthu. Adzakhala m'chipinda cha Sande sukulu pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lino, kuyeza malungo, shuga ndi BP. Inu madoda amene mumati muli gwa, BP siimveka kuwawa. Ena amaidziwa sitiroko itawagwetsa kale m'munda.

Koma mumve bwino: pano sipasanduka chipatala. Palibe diripi, palibe ambulansi. Akakulemberani kuti mupite ku chipatala chachikulu ku boma, pitani tsiku lomwelo, osadikira kuti fodya agulidwe.

Pempho langa lipite kwa eni ngolo ndi njinga zamoto. Mutitengere agogo osatha kuyenda, komanso matenanti ndi ana awo, ngakhale sapemphera nafe. Akulu a mpingo alembe mayina m'milaga yawo. Amayi a Chigwirizano avomera kuphika phala la odikira, ndiye amene ali ndi ufa kapena nsinjiro apereke kwa mlembi Lamulungu lino. Aliyense asaiwale kabuku ka kuchipatala.

Nkhuku zoyamikira musanyamule, wakana kale. Muzimupempherera kuti aziyenda bwino pamsewu.

Ndine wanu mu utumiki,
Mbusa wanu